Mayeso a mu Ogasiti

"Dinanso. Kadontho kofiira kakangotulukira, dina msanga," anatero Sointu, maso ali pa pepala lake.

Verneri Rautiola anadina. Kuwala kwa tabuleti kunkamubaya kuseri kwa diso lakumanzere, ndipo timadontho tija tinkachita kusambira pagalasi. Anakukuta mano, nadina, nadinanso. Linali Lachinayi m'mawa. Lachiwiri lapitalo, chimunthu china cha timu ya alendo chinamupanikizira kukhoma la bwalo la ayezi, mutu wake n'kuwomba galasi mpaka chipewa kupendekeka. Anadzuka yekha, anamaliza masewerowo, ndipo anauza aliyense kuti ali bwino. Chichokereni pamenepo anali atasanza kawiri, koma zimenezo ankazidziwa iye ndi chimbudzi cha kunyumba kwake basi.

Sointu Mäkiaho, mayi wa imvi zoyambirira amene ankaona za umoyo wa osewera, anatenga tabuleti ija n'kuyamba kuyerekeza. M'masewero a hoke zimayenda motere: chaka chilichonse mu Ogasiti, ligi isanayambe, wosewera aliyense amayesedwa mutu ali bwinobwino. Amadina timadontho, amaloweza mawu khumi, amabwereza manambala chobwerera m'mbuyo. Akagundidwa mutu amamuyesanso. Zotsatira zikatsika kusiyana ndi za mu Ogasiti, ndiye kuti ubongo wagwedezeka, ndipo munthuyo saponda pa ayezi mpaka atachira.

"Zafanana," anatero Sointu pomaliza. "Za lero ndi za mu Ogasiti, ndendende." Anamuyang'anitsitsa. "Mutu sukupweteka?"

"Ayi."

"Nanga ukutsinzinira chiyani ngati waluma ndimu?"

"Ndi nkhope yanga imeneyi, Sointu. Mukadandaule kwa mayi anga."

Sointu sanaseke. "Pepala lakulola, ndiye ine ndikukanize ndi chiyani? Loweruka usewera. Koma maso akowo sindikuwakhulupirira."

M'chipinda chovalira anapeza Tarmo atakhala pamalo pake, akukulunga tepi ku ndodo yake ya hoke, yomenyera kamphira kogoletsa. Tarmo anali mkulu wa onse m'timumo, wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo mano ake akutsogolo anawasiya m'mabwalo osiyanasiyana a Finland yense.

"Wakhoza?" anafunsa chonong'ona.

Verneri anagwedeza mutu, ndipo nthawi yomweyo ananong'oneza bondo kuti waugwedezeranji.

"Ndinakuuza chiyani ine? Iwe mwana, uzindigulira khofi mpaka tsiku lodzandiika m'manda."

Nzeruyo inalidi ya Tarmo. Mu Ogasiti muja, ali mu sauna, chipinda chosambiramo nthunzi, atamaliza kuthamanga, anamukokera pambali n'kumulangiza ngati mwana wake. "Mawa usakadzionetse kuchenjera. Ukakadina ngati mphezi, wadzikumbira dzenje wekha. Tsiku lomwe adzakugogode mutu sudzafikanso pamenepo, ndiye adzakukhazika mwezi wathunthu, malo ako n'kutenga wina. Uzikawerenga wani mumtima usanadine. Pa mawu khumi, ukaiwaleko awiri. Tonsefe timatero." Verneri anali watsopano, wofunitsitsa kuonetsa kuti amamva za akulu, ndiye anachita mopitiriza. Sanalekere pa wani, ankawerenga mpaka thuu. Mawu anaiwala asanu.

Tsopano chinyengocho chinali chitamugulira Loweruka, ndipo Loweruka linali zonse. Anali masewero omaliza a chaka. Kontirakiti yake inali ya chaka chimodzi, ndipo inkatha nawo limodzi. Ali ku timu ya achinyamata, Verneri ankagoletsa ngati akuseweretsa ana, anthu n'kumanena kuti ameneyu ndi wa kutsidya kwa nyanja, Finland yamuchepera. Atakwera kwa akulu, zonse zinangoti zii. Zigoli ziwiri m'masewero makumi anayi. Kochi ankamulowetsa ndi gulu lachinayi, la anthu ongopumitsa anzawo, mphindi zisanu ndi imodzi pa masewero onse. Kontirakiti ikapanda kubwera, chomudikira chinali ligi yapansi, komwe munthu umanyamula makatoni masana n'kumasewera madzulo, komanso usilikali wokakamizidwa ndi lamulo umene anakhala akuuzengereza. Anali ndi zaka makumi awiri, ndipo kunja kwa hoke sankadziwa ntchito ina iliyonse.

Asanavale n'komwe nsapato zake zapa ayezi, anamuitana kumwamba, ku ofesi ya Reijo Halmetoja, amene ankalemba ndi kuchotsa osewera. Zenera la ofesiyo linkayang'ana m'bwalo, ndipo kuyera kwa ayezi kunkalowa monse. Verneri anasankha mpando wofulatira zenera.

"Sindikonda kuzungulira, Rautiola," anatero Halmetoja, akumukankhira kapu ya khofi. "Malo a chaka chamawa atsala awiri. Anyamata owafuna muli asanu. Iwe pakali pano ndiwe wachisanu."

"Ndipatseni mphindi, Reijo. Munthu ungagoletse bwanji uli pabenchi? Ndikamalowa miyendo imakhala itazizira kale, ndikangoti nditenthe, andituluka. Loweruka lokha, mundiike ndi gulu loyamba, muone."

"Miyendo yako palibe akuidandaula." Halmetoja anatsegula fayilo n'kuitembenuzira kwa iye. "Taona zomwe tinakuyesani mu Ogasiti. Kuthamanga, wachiwiri m'timu yonse. Kulumpha, wachitatu. Manja ako ndi amene ndinakulembera ntchito. Koma apa." Chala chinatsika mpaka pansi pa tsamba. "Kufulumira kwa mutu. Pa anthu makumi awiri ndi asanu ndi awiri, ndiwe womaliza. Ngakhale Tarmo, amene wakhomedwa mutu kuposa msomali, anakusiya kutali."

Verneri anayang'ana nambala ija. Anaidziwa bwino, poti anaipanga yekha.

"Kochi ataona zimenezi anati, mwanayu kwa anzake ankapambana ndi miyendo, koma kuno kamphira kamathamanga kuposa maganizo ake. Tisamuike ndi anyamata aliwiro, angasokoneze, angavulale. Ndiye tinati aphunzire pang'onopang'ono ku gulu lachinayi. Sikuti tinkakuda, Verneri. Tinkakusamala."

Verneri anawerengetsera mumtima. Miyezi isanu ndi iwiri! Miyezi isanu ndi iwiri akudzifunsa kuti walakwa chiyani. Ankafika m'bwalo anzake asanadzuke n'kumenya timphira mazana atatu yekhayekha. Anasintha ndodo kanayi. Anasiya shuga, anasiya chibwenzi, ankaonera mafilimu a masewero ake mpaka maso kuwawa, kufunafuna cholakwa chomwe sichinali mmenemo. Anafika pokhulupirira kuti mwina luso linamuthawadi. Kani zonsezo zinachokera ku wani ndi thuu wa tsiku limodzi lija.

Ankadziwa kuti chanzeru n'kukhala chete. Akanamwa khofi uja, n'kuthokoza, Loweruka n'kukasewera mphindi zake zisanu ndi imodzi. Koma kutuluka m'chipindamo akadali chitsiru cha timu, ayi, zinamukanika.

"Ndinachita dala," anatero.

"Wati?"

"Mayesowo ndinalephera dala. Ndinkachedwetsa dzanja. Mawuwo ndinkawakumbukira onse khumi, mpaka lero ndikhoza kukutchulirani ena. Ine si wochedwa mutu, Reijo, sindinakhalepo wochedwa. Ndiyeseninso! Pompano, muone nokha!"

Mawu omalizawo atangotuluka, anazindikira chimene wanena. Halmetoja anali atanyamula kale foni.

Sointu analowa tabuleti ili kukhwapa. Anamvetsera nkhaniyo ataimirira, milomo ataimanga.

"Kumuyesa ndamuyesa kale lero m'mawa," anatero. "Zafanana ndi za mu Ogasiti."

Halmetoja anatembenukira kwa Verneri. "Lero unachitanso dala?"

M'bwalo muja anzake anali atayamba, ndipo timphira tinkamveka tikuwomba khoma. Kulira kulikonse kunkamulowa m'mutu. Anafunafuna yankho lomupulumutsa, koma panalibe. Akati inde, ndi wamisala. Akati ayi, ndiye kuti kaya ndi wochedwadi, kaya ndi wovulala.

"Ayi," anatero motsitsa. "Lero ndinayesetsa ndi mphamvu zanga zonse."

"Wasanza kangati?" anafunsa Sointu.

"Kawiri."

"Ndipo unabwera kuno ukuyendetsa galimoto wekha." Sointu anaponya tabuleti patebulo n'kuloza Halmetoja. "Inunso ndinakuuzani kuti mapepala anga ndi achipatala, si oyezera nzeru za ana. Mumangowatola n'kumawerenga ngati mukugula hatchi. Mwaona tsopano?"

"Zimenezo tikambirana patokha," anatero Halmetoja. Anadzisisita pamphumi. "Rautiola, anakuphunzitsa zimenezi ndani?"

"Palibe. Ndinangoganiza ndekha."

"Eya, nonse mumangoganiza nokha." Anaika mapepala awiri aja pamodzi. "Tamvera. Ndili ndi mapepala awiri, onse akunena chinthu chimodzi. Loyambali ukuti ndi bodza, lachiwirili ukuti ndi kuvulala. Mwina ukunena zoona, ndipo ngati ukunena zoona ndiye kuti tataya chaka tonsefe. Koma akuluakulu a timu akukhala pansi Lolemba. Ndikawaonetse chiyani? Zigoli ziwiri ndi mawu ako?"

"Ndiye mundilole Loweruka! Ndicho chokha ndikupempha. Sointu, chonde. Ndisayina pepala lililonse, chikandichitikira chinthu mlandu ukhale wanga. Mphindi khumi zokha. Ndikapuma chilimwe chonse, ndikulumbira."

"Masabata atatu, kuchepetsa," anatero Sointu. "Ukagundidwanso ubongo usanapole, udzafunika munthu wokumangira zingwe za nsapato. Ine zimenezo ndinazionapo kamodzi, zinandikwana."

"Mukundipha, Sointu."

"Ndikwiyire. Bola uzindikwiyira ukudziwa dzina langa."

Halmetoja anatseka fayilo. Mawu ake anafewa, ndipo kufewako n'komwe kunamuopsa Verneri kuposa zonse. "Ukachira udzabwere mu Meyi, tidzakuyese ndi anyamata ena oyeserera. Sindikulonjeza kanthu. Koma nyumba ya timu ukukhalayo ifunika pakutha pa mwezi uno."

Anatsika masitepe atagwira chitsulo cham'mbali, Sointu ali pambuyo. M'chipinda chovalira, mayiyo anapita molunjika pamalo pa Verneri n'kutenga chipewa chake, monga amachitira ndi aliyense wovulala mutu, podziwa kuti wosewera hoke ukamusiyira chipewa umupeza ali pa ayezi. Anakachitsekera m'kabati yake, kiyi n'kuika m'thumba.

Tarmo anali atabwerera kudzasintha ndodo yothyoka, ndipo anaona zonsezo. Anadikira Sointu atuluke.

"Waulula?"

"Dzina la munthu sindinatchule."

"Sindikufunsa zimenezo, chitsiru iwe. Waululiranji? Unali utadutsa kale!"

"Kochi anawerenga mayeso aja, Tarmo. Chaka chonse chino amandiyesa wochedwa mutu. Ndinali womaliza m'timu yonse. Ngakhale inuyo munandiposa."

"Ine? Zatheka bwanji? Unkawerenga mpaka chani?"

"Thuu."

"Thuu! Ine ndinati wani. Thuuyo unamutola kuti?" Anayamba kuseka, koma kusekako kunatha msanga. Anaima pamenepo ndi ukulu wake wonsewo, ndodo ili m'manja, osadziwa poyang'ana. "Sindinkadziwa kuti amawawerenga, mwana iwe. Zaka zonsezi sindinkadziwa." Wezulo ya kochi inalira m'bwalo, ndipo anatuluka mwakachetechete.

Verneri anatsala yekha pakati pa majekete a anzake. Misozi inabwera, ndipo nayonso inkapweteka mutu. Foni inalira m'thumba. Anali bambo ake, oyendetsa lole ya mitengo kumpoto, ulendo wa maola asanu kuchokera pamenepo.

"Verneri, andipatsa tchuthi Loweruka," anatero bambowo, injini ikumveka kumbuyo. "Tinyamuka m'mawa ndi amayi ako. Akuti akubweretsere buledi wakuda uja. Matikiti utisungire, koma osati kuseri kwa golo, ulendo watha sindinaone kanthu."

Verneri anatsinzina. "Bwerani ndithu, bambo. Koma mumangirire kangolo kumbuyo kwa galimoto. Kuli katundu woti tibwerere naye."

Injini ija inazima. Kenako bambo ake anafunsa:

"Kathu kakang'ono kaja, kapena ndikabwereke yaikulu kwa aneba?"

Verneri anaganizira za m'nyumba muja: chikwama cha zovala, matiresi, mapoto awiri, ndi mtolo wa ndodo.

"Kakang'ono kakwana," anatero.