Timibulu pa Mizu ya Lentilya

Ine Benedito ndalima fodya ku Itepela zaka makumi awiri, ndipo matenda otupitsa mizu ndimawadziwa ngati nkhope ya mlamu wanga. Akalowa m'munda, basi, mundawo uiwale.

Chaka chino mwana wanga Nilza, amene akuphunzira zaulimi ku Cuamba, ananditumizira kambewu kophwatalala, akuti lentilya, kuti ndikayese m'dimba nthawi yozizira. Kanamera monyozeka: masamba ngati a bwemba, msinkhu wosafika m'bondo, timaluwa toyera toti mpaka uwerame kuti utione. Tsiku lina ndikupalira ndinazula kachitsamba kamodzi mwangozi. Mtima unangoti myuu! Mizu yonse inali timibulu tokhatokha. Ndinadziwa kuti dimba langa latha, dimba lomwe ndimafesamo fodya chaka ndi chaka.

Ndinapsa mtima. Ndinayamba kuzula mzere ndi mzere kuti ndiwotche, uku ndikunyoza sukulu ndi mabuku ake omwe. Nditatsala ndi mizere itatu, anatulukira mayi Asima, a dimba loyandikana ndi langa, atasenza ndowa.

"Bambo Benedito, mwapenga?"

"Matenda, mayi. Taonani."

Anatula ndowa, natola kachitsamba kamodzi, nakhudza kambulu ndi chala. Kanathothoka msanga.

"Zotupa za pamizu ya fodya wanu zija zimathothoka chonchi?"

Sizithothoka. Zija umakhala muzu weniweniwo utatupa.

Anaphwanya kena ndi chikhadabo. M'kati munali mofiirira, monyowa, ngati nyama yongodula kumene.

"Nandolo wanga ali nato tomweti," anatero. "Mukaona kufiira, ndiye kuti n'tamoyo. Timakoka chakudya mumpweya n'kuchisiya m'nthaka. Simuona chimanga changa pomwe panali nandolo? Adubo, feteleza wa m'sitolo uja, sindimudziwa ine."

Mumpweya! Ndinayang'ana kumwamba, kopanda kanthu konse, ndinayang'ananso kadontho kofiira pachala chawo. Kachitsamba kopanda pakamwa kakudya mphepo yomweyi ndikupuma ine, n'kumadyetsa dothi mwakachetechete, mwini dimba osadziwa. Ndinachita mantha ngati munthu amene walankhula mokweza m'tchalitchi.

Kumbuyo kwanga kunali mulu wa zomwe ndinazula, zitayamba kale kufota padzuwa.

"Mayi, zingagwirenso izi?"

Mayi Asima anapukusa mutu, nasenza ndowa yawo n'kumapita.

Ndinagwada, n'kuyamba kuzibzalanso chimodzichimodzi.