Mphuno ya Amayi Pamphambano

Amayi anga adandiuza akusenda chinangwa kuti akufuna chithunzi cha pamaliro awo. Kuno ku Kumasi ukamwalira nkhope yako imapachikidwa pamphambano, yaikulu ngati chitseko, ndiye iwo sankafuna kuti alongo anga adzasankhe okha. Sindidadabwe. Amayi adayamba kukonza maliro awo ine ndili kusukulu, chikhalirecho ali ndi thanzi kuposa tonsefe.

Vuto lidali mphuno. Ndidawajambula kangapo mu situdiyo yanga, koma lenzi yomwe ndinali nayo ndi ya paukwati, yotenga khamu lonse. Ukaiyandikiza kwa munthu mmodzi, mphuno imatsogola ngati ikukalonjera alendo. Amayi adaziyang'ana zithunzizo n'kundifunsa ngati ndidawabala ndine kuti ndiziwapatsa mphuno yatsopano. Kenako adati likadutsa Lamulungu apita kwa Agyenim.

Agyenim ndi wojambula wa tsidya lina la msewu, moyang'anizana ndi ine. Taganizani: mayi anga pamphambano, m'munsi mwawo dzina la Agyenim, anamfedwa onse akuwerenga. Ndikadangosamuka m'tauni muno.

Ndidathamangira kumasitolo a ku Adum kwa Alhaji Issaka, wogulitsa makamera akale. Adandiyalira malenzi atatu. Ya mamilimita 50 adati mphuno ingochepa pang'ono. Ya 135 adati ndi ya anthu ojambula akazi a eni chobisala. Koma ya 85, iyo ndiye ya nkhope, imaika chilichonse pamene Mulungu adachiika.

"Koma ilibe zumu yoyandikizira kapena kutalikitsira munthu, mphwanga," adatero. "Zumu yake ndi miyendo yakoyo. Situdiyo yako ndi yaikulu bwanji?"

Ndidati ndi yaikulu ndithu. Mwamuna sanena pagulu kuti situdiyo yake ndi kontena yodulidwa pakati. Ndidaiyesa lenziyo nditaima pakhomo pa sitolo, ndikuloza mayi wina wokazinga nthochi kutsidya, ndipo adatuluka ngati mfumukazi. Ndidaitenga osaganizanso kawiri.

Loweruka amayi adafika atavala nsalu yawo ya kente ya m'bokosi, mphete zagolide ndi nsapato zimene sizidapondepo fumbi. Adakhala pampando n'kulamula kuti zonsezo zioneke, kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Nditaika diso pa kamera, ndidangoona khutu. Ndidabwerera m'mbuyo, msana n'kugunda khoma: khutu ndi tsaya.

Ndidawatembenuzira mpando kukhomo, ine n'kutuluka chafutambuyo. Ndidalumpha ngalande. Minibasi ina ya trotro idandiimbira hutala, kondakitala n'kutukwana mtundu wanga wonse. Mayi wina wogulitsa kenkey, nsima yokulunga m'makoko, adasuntha beseni lake. Nsapato zija zidalowa m'chithunzi chidendene changa chitagunda sitepe kutsidya kwa msewu, ndipo nditacheuka ndidapeza Agyenim ali pakhomo pake akutafuna mswachi.

"Takulandirani, achimwene," adatero. "Ndikutengereni mpando?"

Ndidabwezera diso pa kamera.

Amayi ankayesa ndikadalimbana ndi magalimoto, ndiye anali atadzimasula. Mapewa adagwa. Dzanja limodzi lidagwira m'nthiti, milomo atailuma. Kente imene kale inkawathina idawakulunga n'kutsalako, ndipo mphete adazikulunga ulusi kuti zisavuke. Ine ndimadya nawo mbale imodzi tsiku lililonse, koma zimenezi sindidazionepo. Ndidachita mantha.

Atazindikira kuti ndawaloza, adadzutsa chibwano, dzanja n'kubwerera pabondo. Ndidadina.

Nditawoloka kudzawaonetsa, adayang'ana nthawi yaitali. Mphuno adaivomereza. Adandiseka kuti ankadziwa kale kuti chithunzi chawo chidzajambulidwira kwa Agyenim, zivute zitani. Ine sindidaseke. Ndidawafunsa kuti m'nthitimo mwayamba liti.

"Iwe Bediako, ndakutuma kujambula," adatero. "Udokotala waupeza kuti?"

Kuchipatala tidapitabe Lolemba, ndikuchita kuwakoka. Madokotala adangotiuza zimene amayi eni ake ankazidziwa kale.

Chithunzicho chidapachikidwa mwezi wathawu pamphambano ya kwathu, dzina langa m'munsi mwake. Agyenim ndiye adandigwirira makwerero. Alongo anga akuti amayi adatuluka ngati mtsikana, ndipo m'dera lathu lonse palibe wanenapo za mphuno. Ine ndikamadutsa ndimayang'ana dzanja lili pabondolo.