Kompyuta ya Bwezani Yakana Kuyaka

Mafani anazungulira masekondi asanu n'kuima. Anazunguliranso, n'kuimanso. Sikirini inali bii.

Harriet anachotsa chala pa batani. Aka kanali kachisanu ndi chiwiri. Iye anali wophika pa loji ina ku Chinzombo, ndipo makina amene ankawadziwa ndi uvuni. Uvuni ukakana umangokhala chete. Koma ichi chinkapuma ngati chamoyo, osadzuka.

Linali Lolemba, pa 20 Okutobala. Mlongo wa Harriet, Bwezani, anakumana ndi njovu Lachinayi pa 16 m'mawa, akupalasa njinga kupita kuntchito ku Nkwali, kumene ankakonza mawailesi a m'magalimoto ndi makamera a m'tchire. Anamuika m'manda Loweruka. Tsopano nyumba inali itasesedwa, katundu ali panja pamphasa, ndipo amalume awo a Cosmas anali akugawa kuyambira seveni koloko.

Kompyutayo Bwezani anaimanga yekha kwa zaka zitatu. Bokosi lake anatola lotayidwa kuntchito, zam'kati zinkabwera chimodzichimodzi pa minibasi ya ku Chipata. Harriet sankaifuna. Ankafuna chimene chinali m'menemo. Mu Juni 2019, amayi awo asanamwalire, Bwezani anawajambula vidiyo akuyenda m'malire a dimba la m'mbali mwa mtsinje wa Lupande, akunena mwini wake. Chaka chino a Cosmas anali atalonjeza dimbalo kwa munthu wina wa ku Lusaka wofuna kumanga kampu ya alendo, ndipo banja linali loti likhale pansi Lachiwiri kumaliza nkhaniyo. "Asisi, musadandaule," ankatero Bwezani. "Mawu a amayi ali m'bokosi umu."

"Asuweni, mwaipha," anatero Onesmus, mwana wa a Cosmas, ataima pakhomo. "Imadziwa manja a mwini wake. Anuwo akununkha anyezi."

"Iwe woyeza masutikesi pa eyapoti, idzutse tione."

Onesmus anagwada. Anasintha chingwe cha sikirini, anauzira fumbi kumbuyo, anamenya bokosi pambali ndi chikhatho. Mafani anazungulira n'kuima.

"Mazabodi yapsa," anatero. "Kapena pawa sapulayi. Kapena remu."

"Chapsa n'chiti?"

"Chimodzi mwa izo."

A Cosmas analowa akupukuta thukuta ndi chipewa. Thupi lawo linali litachepa m'masiku anayi amenewa.

"Yayaka?"

"Iyayi, amalume."

"Ndiye tiigawe. Chinthu chamoyo chimapita kwa munthu mmodzi, chakufa aliyense amatengako chiwalo. Galasilo ndi la Onesmus. Chamabatani chija ndawapatsa kale azakhali ako a Everlyn, akuchimuna asabwerere ku Jumbe chimanjamanja. Bokosilo tione."

"Ndipatseni mpaka fotini awazi, malaiti asanapite."

"Ukufuna chiyani m'menemo, mwana wa mlongo wanga?"

"Mukudziwa, amalume."

"Ine ndikudziwa kuti dimba lija ndinalima ndi amako tili ana. Zina sindikumbuka." Anatuluka.

Pansi pa bokosi panali kope la sukulu lachikuto chobiriwira. Harriet analitsegula. Bwezani ankalemba zilembo zing'onozing'ono, tsiku lililonse mzere wake.

*9 Okutobala. 3.6. Maola 4, mphindi 50. Malaiti apita ndisanamalize.*

*11 Okutobala. 4.0. Kutentha 79. Maola 4, mphindi 22. Malaiti apita.*

*13 Okutobala. 4.2. Kutentha 86. Zatsala mphindi 9 zokha.*

*15 Okutobala. 4.5. Yakana kuyaka. Mawa ndikaweruka, kabatire.*

Anawerenga kawiri osamva kanthu. Anamupatsa Onesmus.

"Aa," anatero Onesmus. "Anaikankha."

"Kuikankha bwanji?"

"Purosesa, ubongo wake. Anaipanga kuti izithamanga 3.6, iye amaikweza. Ngati minibasi yoyenera kuyenda eite, dalaivala n'kuipondera wani twente. Ndi dzuwa la Okutobala lino!"

"Ankathamangira kuti?"

Yankho linali patsamba lam'mbuyo, pa 7 Okutobala. *Mphepo ikukwirira mawu a amayi. Pulogalamu yochotsa phokoso ikufuna pafupifupi maola 5 osaima. Malaiti ndi maola 4. Ndikweze liwiro, ithe pasanafike pa 21.*

Harriet anakhala pabedi. Apa m'pamene anaona kuti fani ya patebulo, imodzi yokhayo m'nyumba monse, inali yomangidwa ndi waya kuti iziuzira bokosi, kufulatira bedi.

"Kabatire kake ndi kati?" anafunsa.

"Mwina ka sola. Mwina ka tochi." Onesmus anakanda mutu. "Asuweni, tingochotsa disiki, ndipite nayo ku Chipata Lachisanu."

"Msonkhano ndi mawa."

Nthawi inali 12:10. Harriet anatenga mpeni wa patebulo n'kumasula masikuluwu awiri a chitseko cha pambali. M'kati munali moyera, zingwe zomangidwa bwino m'timitolo. Kuseri kwa chitsekocho kunali pepala lomatidwa ndi tepi, lolembedwa pa 3 Malichi 2023.

*Asisi, kapena aliyense. Ikakana kuyaka ndi ine ndaikankha, sinafe. Zulani chingwe cha malaiti. Dinani batani masekondi 10. Chotsani kabatire konga khobidi kamene ndakazungulira ndi inki yofiira. Dikirani mphindi 5, mukabwezeretse mbali yolembedwa ili pamwamba. Iiwala zonse zimene ndinaiuza, koma zam'kati sizitayika. Onesmus asaimenye.*

"Munthu uyu," anatero Onesmus, n'kuyang'ana kukhoma.

Kabatireko kanatuluka ndi chikhadabo. Harriet anakagwira m'manja, maso ali pa wotchi ya foni. Panja a Cosmas ankaitana mayina: nsapato kwa uje, jekete kwa uje. Zinali zachilendo kwa iye kuti chinthu chichire poiwala. Mphindi zisanu zitakwana anadikiranso imodzi.

Mafani anazungulira. Masekondi asanu, asanu ndi limodzi, khumi. Panamveka kulira kamodzi, pii, ndipo pasikirini panatuluka zilembo zoyera. Pamwamba panali tsiku: 1 Januwale 2017.

"Yasokonezeka mutu," anatero Harriet. Mu 2017 amayi anali moyo.

"Yabwerera tsiku limene inabadwa," anatero Onesmus. "Ikuti tidine batani la F1."

Onse awiri anayang'ana patebulo. Panali sikirini, panali mausi. Kiyibodi panalibe.

"Azakhali!" anakuwa Harriet.

A Everlyn anali atanyamuka hafu awa yapitayo kukadikira minibasi pamsewu wa tala. Onesmus analiza njinga yamoto. Anabwerera 13:05, azakhali ali kumbuyo atagwira mtolo wachitenje pachifuwa, nkhope ili gwaa.

"Chopatsidwa pamaliro sichibwerera m'nyumba ya malemu," anatero ali pakhomo. "Mukufuna ndidwale? Kapena mwaona kuti akuchimuna tapatsidwa chambiri?"

"Tingobwereka batani limodzi, azakhali," anatero Harriet.

"Limodzi? Ndiye lizuleni."

"Silizuka," anatero Onesmus. "Lili ngati dzino."

A Cosmas anaganiza kaye, kenaka anagamula. Chinthucho chisalowe m'nyumba, makinawo ndiwo atuluke. Anakoka chingwe chachitali kudzera pawindo, anaika tebulo pansi pa mtengo wa mango, ndipo a Everlyn anakhala pampando kiyibodi ili pamiyendo pawo, osalola wina kuigwira. Harriet anawalozera batani. Analidina ndi chala chimodzi, mwaulemu.

Pasiwedi panalibe. Pakati pa sikirini panali foda imodzi yolembedwa *Dimba*, ndipo m'menemo munali mafayilo anayi. Atatu, a pa 9, pa 11 ndi pa 13, anakana kutseguka. Anali osamaliza. Linatsala la 2019, la mphepo.

Nthawi inali 13:31.

Amayi anaonekera atavala juzi yofiirira, akuyenda pang'onopang'ono pakati pa mizere ya repu. Milomo yawo inkagwedezeka, koma chimene chinkamveka ndi mphepo yokha, fuu, fuu, ngati nsalu ikung'ambika. Ankaloza mtengo wa mchenja, ankaloza kumtsinje. Masiku onse aja, kutentha konse kuja, ndipo mawu panalibe.

"Akuti chiyani?" anafunsa a Everlyn. "Kwezani."

"Ndakweza kale mpaka pamapeto," anatero Onesmus.

Kenaka chithunzi chinatembenuka. Kumbuyo kwa amayi kunali bambo wa chipewa, atanyamula zikhomo zinayi ndi nkhwangwa. Anagwada pamene amayi analoza, nakhoma chikhomo choyamba. Amayi anamugwira paphewa n'kumuuza kanthu, iye anagwedeza mutu, akuseka.

Palibe amene anayang'ana a Cosmas. Chipewa chinali chomwecho.

A Cosmas anasendera pafupi mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza galasi. Anayang'ana mlongo wawo nthawi yaitali.

"Apa akuti ndakhoma mopendama," anatero mwakachetechete. "Akuti kuyambira kale sindinkatha kuongola mzere." "Apa akuti kuchokera pamchenja kukafika kumadzi ndi la Harriet ndi ana ake aakazi, monga mmene linalili la amayi athu. Akuti Cosmas, iwe ndiwe mlonda chabe."

"Mukumva bwanji, amalume?" anafunsa Harriet.

"Sindikumva. Ndinalipo."

Vidiyo inatsala ndi masekondi makumi awiri. Bwezani sanaonekemo ngakhale kamodzi. Koma chakumapeto dzanja lake linabwera kuchokera kumbali litagwira chisoti cha kuntchito, n'kuphimba foni kuti mphepo isawombe. Theka la chithunzi linada. Mawu ake okha, poti anali pafupi, anamveka bwinobwino.

"Amayi, bwerezaninso pang'onopang'ono. Ndikufuna asadzakangane."

Malaiti anapita 13:58. Mafani anachepetsa liwiro n'kuima. A Cosmas anakhalabe akuyang'ana galasi lakudalo, chipewa chili m'manja.

"Bokosi ili lisagawidwe," anatero. "A Everlyn, ndikupatsani wailesi."

A Everlyn anapukuta kiyibodi ndi nsonga ya chitenje, n'kuiika patebulo okha.

Harriet anatola chitseko cha bokosi kuti atseke. Pansi pa pepala lija, pakona, panali kanthu kena kamene sanakaone poyamba: kabatire katsopano, kakadali m'pepala lake, komatidwa ndi tepi. Pambali pake panali zilembo zing'onozing'ono zija.

*Kapadera, mwina koyambako kagwera pansi. Manja anu amakhala onyowa.*