Phunziro Limene Wijdan Anasiya

Mayi wa mu ofesi ya pakoleji sanadzutse n'komwe mutu.

"Masamu aja unawasiya pakati, eti? Ndiye dipuloma yako sinakwane. Mayeso olowera ku yunivesite sulemba chaka chino."

"Koma mayi, sindinalephere ayi," anatero Wijdan. "Ndinangosiya. Mnzanga anati kusiya si kulephera."

"Mnzakoyo ndi amene amalemba anthu muno? Udzabwere chaka chamawa. Wotsatira!"

Wijdan anatuluka. Anthu a m'maofesi amatchula chaka ngati akunena za mawa m'mawa.

Phunzirolo linkachitika madzulo, ndipo likamatha, basi yomaliza yopita kumudzi kwawo, kuseri kwa tauni ya Tafila, inkakhala itapita kale. Bambo ake, Abu Muhannad, anali atanena kamodzi, ndipo iwo sabwereza mawu: mwana wamkazi dzuwa lisamulowere panjira. Wijdan anaopa kuwadandaulira, choncho anangolisiya phunzirolo mwakachetechete.

Tsono chimene chinkamuopsa chinali khofi. Chaka chatha alamu a bambo ake, Abu Talal, anabwera ndi amuna akwawo kudzafunsira mbeta m'malo mwa Talal, msuweni wake uja wonunkha fodya amene amati mabuku amawononga akazi. Anaika kapu ya khofi pansi osamwa, monga achitira ofunsira mpaka atavomeredwa. Bambo ake a Wijdan anati, "Mwanayu akupita ku yunivesite. Akapanda kulowa chaka chamawa, mudzabwere, khofiyo mudzamwa." Amuna onse anamva, ndipo mawu onenedwa pamaso pa amuna sabwezedwa.

M'basi Wijdan ankakonza bodza. Anena kuti mayeso awasuntha. Anena kuti makina a mu ofesi afa. Atatsika, anaona magalimoto a Abu Talal ndi abale awo atandandalika pageti, nsapato zili mbwee pakhomo la chipinda cha alendo, ndipo bodza lonse linamuthera m'kamwa. Adziwa bwanji? Apo m'pamene anakumbukira amene anamuuza kuti kusiya si kulephera. Anali Ghadir, mlongo wake wa Talal, akumwetulira, atamugwira dzanja.

Analowera kukhitchini. Amayi ake ankatsuka poto woyera kale.

"Iwe, wachita chiyani? Azakhali ako, amake Talal, akuimba nthungululu pafoni kuyambira m'mawa."

Asanayankhe, chitseko chinatseguka. Bambo ake sankalowa m'khitchini wambawamba, ndipo ataima pamenepo chipinda chinachepa.

"Akuti mayeso sulemba. N'zoona?"

Wijdan anaweramitsa mutu. Ankaopa Talal, koma panthawiyo ankaopa kwambiri maso a bambo ake.

"N'zoona, ababa. Ndinasiya masamu."

"Anakukanika?"

"Ayi. Ndinkakhoza kuposa onse."

"Nanga n'chiyani?"

"Ankatha basi itapita. Munati dzuwa lisandilowere panjira."

Amayi ake anasiya kutsuka. Bambowo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anakonza mpango wawo wofiira kumutu n'kubwerera kwa alendo.

Kudikira kumapweteka kuposa ndodo. Wijdan anatsamira khoma, khutu lili tcheru. Anamva mawu a Abu Talal akuyamika mabanja awiriwo, aatali ndi ozuna ngati a wogulitsa nsalu. Kenako kunati zii. Ankayembekeza kumva "Imwani khofi wanu," ndiyeno kuwomba m'manja. Anaganiza za nyumba ya Talal, ya mageti aatali.

Wina anakweza mawu. Wina anatchula dzina la Mulungu mokalipa. Nsapato zinakhwekhwereza pakhomo, zitseko za magalimoto zinamenyetsedwa, koma kukhitchiniko sakanadziwa ngati kunali kupsa mtima kapena changu chokauza akazi nkhani yabwino.

Bambo ake analowanso atanyamula okha kakapu ka khofi kaja. Anakaika patebulo patsogolo pake. Wijdan sanathe kuyang'anamo. Anaviika chala. Munali khofi, wozizira.

"Chaka chamawa ndizikakutenga ndekha pagalimoto," anatero, mawu ali osasa. "Ndabweza mawu anga pamaso pa amuna. Mlongo wanga sadzapondanso pakhomo pano, ngakhale pamaliro anga."

Anatenga kakapuko n'kukhuthulira khofiyo musinki.

"Ndiye masamuwo ukhoze."