Mphako za M'masaya mwa a Karamat

Banja la a Karamat, oimba pa maukwati mumzinda wa Multan, linkanyadira chinthu chimodzi: nkhope zazitali. Agogo awo anali ngati ngamila, iwo ngati ngamila, ndipo mwana wawo Tabinda anatengera osasiyako kanthu. Kungoti kwa iye nsagwada inakulira kunsi mopyola, mpaka mano akutsogolo analeka kukumana. Gwafa ankalumira cham'mbali ngati galu wapeza fupa, ndipo kusukulu ankamufunsa ngati ntchentche zimagogoda polowa m'kamwamo.

Tsono pamene Dokotala Farkhanda, mayi wowongola mano, ananena kuti mawaya angathandize akayamba chaka chomwecho mafupa asanakhwime, Tabinda anadumpha pampando mpaka mpango kugwa.

Bambo ake sanadumphe.

"Ayi, adokotala," anatero akupotokola ndevu. "Mawu a banja lathu amakhala m'mphako za m'masayamu. Nkhope yaitali, mphako zazikulu, nyimbo kumveka mpaka kuseri kwa msika. Mukamufupikitsa nkhope mwanayu muphwanya mphakozo, adzaimba ngati Basharat uyu."

Basharat anali mng'ono wawo, wa nkhope yobulungira ngati chapati. Ntchito yake inali ng'oma basi. Kuimba anamuletsa kuyambira tsiku limene anakweza mawu pa ukwati wina, njati yoweta ya eni nyumba n'kudula chingwe.

"Achimwene, inetu ndangoperekeza," anadandaula Basharat.

"Mphakozo zilipodi, aliyense ali nazo m'mbali mwa mphuno," anatero dokotala. "Koma mawaya anga amakankha mano, kumeneko safikako. Komanso kutalika kwa nkhope sikulonjeza kuti..."

"Agogo anga sakananama," anamudula a Karamat, akufunafuna nsapato ndi phazi.

Tabinda anaona gwafa wake akuthawa. Anagwira malaya a bambo ake.

"Abba, bwanji akujambuleni mafupa, inu ndi bambo aang'ono, Chacha Basharat? Mphako zanu zikaposa zawo, za mawaya sindidzatchulanso."

Atangonena anafuna kuwameza mawuwo. Nanga zikaposadi? Koma a Karamat, munthu woti mpikisano ndi mng'ono wake sangaukane ngakhale wa kuyetsemula, anali atavula kale chipewa. Dokotala naye anavomera msanga, poti mano a abale awiriwo, ofiira ndi masamba amene ankatafuna, ankafuna kale kuwasuzumira.

Atalowa pamakina, a Karamat anakoka mpweya wa woimba, chifuwa tutumu, n'kuyamba kung'ung'udza kuti mphako zifufume.

"Musaimbe, a Karamat," anatero dokotala. "Ndi fupa limenelo, silitupa."

Zithunzi ziwiri zitaoneka pagalasi, Tabinda anatseka diso limodzi. A Karamat anathamangira chimene chinali ndi mphako zotakasuka.

"Ameneyu ndine. Taonani, bwalo la ukwati lenileni, mungaikemo mipando ndi mphika wa mpunga."

"Tayang'anani chibwanocho," anatero dokotala mofatsa.

Chibwanocho chinali chachifupi. Chigaza chachitali chinali chinacho, ndipo timphako take tinali topapatiza ngati tinjira ta mumzinda wakale, toti abulu awiri sangapatukirane.

Tabinda anatsegula diso lija. Miyendo inayamba kuvina yokha pansi pa mpando.

"Ndiye kuti zaka zonsezi woimba ndinali ine?" anatero Basharat, maso ali mwee. Anaika dzanja kukhutu, n'kutsegula pakamwa. Zimene zinatuluka m'bwalo la ukwati lija zinadzutsa khanda m'chipinda chodikirira, ndipo nkhalamba ina imene inabwera kudzachotsa dzino inanyamuka n'kupita nalo kwawo.

"Tseka, iwe, usanatithamangitsire apolisi," anatero a Karamat. Anayang'ananso timphako tawo, akuzisisita tsaya ngati akupepesa. "Nanga mawuwo amakhala pati, adokotala?"

"Pakhosi. Ndi m'zaka zimene mwawasula."

"Abba," Tabinda ananong'ona, "munavomera pamaso pa anthu."

"Ndamva, mwana wa ngamila iwe." Anavala chipewa mokhotetsa. "Muikeni mawaya akewo."

Tabinda anawakumbatira mpaka chipewa kugwa, kenako anathamangira kukakhala pampando wa dokotala, pakamwa ali yasa, asanauzidwe n'komwe.

Mawaya anamupweteka, timalabala ta pamawayapo tinamudukira m'kamwa kangapo ali pakati pa nyimbo, koma mawu sanapite kulikonse. Nyengo ya magwafa itabweranso kachiwiri, analuma limodzi ndi mano akutsogolo, khwapu, n'kuzungulira nalo nyumba yonse kuonetsa aliyense malo olumidwawo, mpaka mbuzi.

Chithunzi cha mafupa a Basharat chili pakhoma m'chipinda cha alendo, m'felemu yagolide. Pa ukwati uliwonse Basharat amapempha kuti aimbeko ndime imodzi yokha, ati umboni ali nawo. A Karamat amangomupatsa ng'oma.