Kamayi Kadothi M'galasi

Mwanaidi ankagwira foni yake Lachisanu lokha. Masiku enawa inkagona m'chikwama cha madamu, bwana wake wa ku Al Duhail, kudziko lakunja komwe ankagwira ntchito yapakhomo. Lachisanu masana, mng'ono wake ku Namwera ankabereka Amina n'kukwera naye pachulu pogwira netiweki, kuti mwanayo amveko mawu a mayi ake. Sabata yatha Amina anangofunsa kuti, "Ndani?" Anamusiya akuyamwa, nanga akanamudziwa bwanji? Ndiye sabata yonseyi Mwanaidi ankayeserera kanyimbo komwe ankamugonekera ali khanda. Mwina kameneko akakumbukira.

Koma taonani, Lachisanu lomwelo madamu akuti tiyeni ku myuziyamu, kwabwera tiziboliboli takalekale ta ku Girisi. "Yalla, yalla!" anatero madamu pomufulumizitsa. Mwanaidi anangonyamula Hassan, mwana wa madamu, n'kutsatira. Ukane ndiwe yani?

M'katimo munkazizira ngati m'firiji. Madamu anatsogola akujambula, iye pambuyo. Pagalasi lina miyendo ya Mwanaidi inangoima yokha. Munali kamayi kadothi, msinkhu ngati chikhatho, mphuno yobenthuka, katafukata khanda. Koma woumbayo anali katswiri, abale! Ndi msana womwe anaupinda mmene umapindikira mwana akakulemera.

"Mayo ine, kukongola!" anatero mokweza.

"Chemwali, musatsamire galasilo," anayankha mlonda m'Chichewa. Pachifuwa pake panalembedwa kuti Nedson.

"Achimwene, taonani mmene wamugwirira. Mayi ameneyu mwana wake ankamukonda."

Nedson anawerama n'kuwerenga kachikwangwani. "Akuti si mayi wake. Anali wolera, kapolo wa m'nyumba."

"Nanga wake mwana anali kuti?"

"Zimenezo sanalembe."

Pomwepo foni inalira m'chikwama cha madamu. Inali yake, kaliridwe kake ankakadziwa. Ndiye kuti afika kale pachulu paja, dzuwa likuwawotcha. Anathamangira madamu, Hassan akugwedezeka m'chiuno.

"Madam, please, my baby..."

Madamu anaika chala pamlomo n'kuloza anthu oonerera. Anapisa dzanja m'chikwama, foni n'kukhala chete. "Baadein," anatero, kutanthauza kuti nthawi ina. Nthawi ina iti? Dzuwa likapendeka mng'ono wake amatsika kukatunga madzi, basi mpaka Lachisanu linalo. Mtima unamupweteka zedi, koma pokadandaula panalibe.

Kuthamanga kuja kunamudzidzimutsa Hassan, anayamba kulira. Anthu anacheuka. Madamu anamutong'olera maso Mwanaidi kuti amutontholetse msanga.

Anabwerera naye pagalasi paja, pamaso pa kamayi kadothi, n'kumugoneka pachifuwa. Anayesa maswiti, anakana. Anayesa kumugwedeza, ayi ndithu. Chinatsala chimodzi chokha. Anayamba kumuimbira kanyimbo ka Amina kaja, ndipo Hassan anatonthola nthawi yomweyo.