Ziletso za a Josiah

Sophia anali kukweza mipando ya kuchalichi pangolo pamene lole yoyela inapatuka pamseu wa Kacholola n'kudzaima pabwalo pao. Malilo a atate ake, a Josiah Mwanza, anali atangotha kumene, ndipo abale ena anali asanabwelele kwao.

Munatsika a Kabaso, ogula mbeu odziwika kuyambila ku Nyimba mpaka ku Petauke. Anapepesa malilo mwaulemu, chipewa chili m'manja, kenaka anachula chimanga chimene malemu anasiya m'nyumba yosungilamo. Mtengo umene anapeleka unali wokoma kwambili, moti Luckson, mlongo wake wa Sophia, anayamba kufunafuna makiyi.

Sophia anamukokela kuseli kwa khola. Sophiayo ankagwila nchito ku Lusaka, pa kampani yotumiza katundu kunja, ndipo nchito yake inali kufufuza ngati wogula ndiponso dziko limene katundu akupita si zoletsedwa. Anakumbutsa Luckson kuti chaka chimenecho boma linali litaletsa kutulutsa chimanga m'dziko, ndipo mtengo wotele unkanunkha njila za m'thengo zopita ku Mozambique. Lole ikagwidwa, a Kabaso adzachula kumene anagula, ndipo dzina la Mwanza lidzachotsetsa Sophia nchito.

"Malamulo ako asiye ku Lusaka," anatelo Luckson. "Kuno timagulitsa kwa amene wabwela."

Amai ao, a Olipa, anamva mkanganowo ali kusankha nshawa, ndipo anaseka koyamba chimwalilile amuna ao. Anati malamulowo anafika kale pakhomopo. Kuyambila tsiku limene Sophia anafotokozela atate ake za ziletso za malonda, mkuluyo anayamba kuika zake. Mnansi amene mbuzi zake zinadya mbande za nthochi sanagulitsidwenso dzila ngakhale limodzi mpaka anamanga khola. Abusa nawonso anakhala mwezi osalandila nkhuku chifukwa chotalikitsa ulaliki. Azakhali amene anali pamphasa anagwa nako kuseka, ndipo Luckson analephela kuumitsa nkhope.

A Olipa anapukuta manja, napita kulole, ana ao ali pambuyo.

"Bambo Kabaso, chimangachi akadye ndani?"

A Kabaso anayang'ana kumapili a kum'mwela, nakanda kumutu. Anati anthu a tsidya linalo nawonso ali ndi mimba.

A Olipa anati, "Ali nazo, ndipo ena ndi abale athu. Bwelani ndi chilolezo cha boma, tidzakupimilani tokha."

"Funso lomweli anandifunsa a Josiah mwezi wathawu," anatelo a Kabaso akuseka. "Ndimayesa lapita nao kumanda."

Luckson anabweza makiyi m'thumba. Anang'ung'udza kuti ogula a m'tauni ya Nyimba amalipila mochepa, koma anavomela kuti mailo adzapita kukawaitana.

Lole italila kuti inyamuke, a Olipa anakweza dzanja kuti iyembekeze. Anatuma Luckson kudimba, ndipo anabwelako atasenza mkoko wa nthochi, waukulu kuposa yonse. Sophia anafunsa chifukwa chopatsila mphatso munthu amene angomukana.

"Atate ako ankakana malonda," anatelo amai ake, "koma mlendo sankachoka pano chimanjamanja."

Sophia anathandiza Luckson kukweza mkokowo, nauyalila masamba kuti usaphwanyike panjila.